Kugula zapakhomo mu Lilongwe pamene muli ndi wofunika chisamaliro chapadera: mafunso ndi mayankho

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi azaka zisanu kupita m'tsogolo, anthu 10.4 pa 100 alionse ali ndi ulumali wa mtundu wina. Choncho ku Kawale, ku Chinsapo, ku Mtandire kapena ku Area 25 simungayende mtunda wautali osapeza khomo lomwe pali mwana wa cerebral palsy (vuto la muubongo lomwe limasokoneza kayendedwe ka thupi), mnyamata wa autism (vuto lovutika kulumikizana ndi kucheza ndi anthu), mtsikana wodwala khunyu kapena agogo omwe anafa ziwalo ndi sitiroko. Pamakomo otere katundu amadula kawiri: pamtengo wake, komanso pa kuchoka pakhomo kukamugula. Mayankho ali m'munsiwa atsamira pamenepo. Mitengo sitiilemba, poti ya sabata ino si ya sabata yamawa.

Timadya zomwe aneba athu amadya, koma ndalama yathu imatha pakati pa mwezi. Imapita kuti?

Gawo lina ndi la tonse. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo zochokera kunja, kuyambira matewera mpaka mkaka waufa, zinakwera osatsikanso. Gawo lina ndi lanu lokha. Mayi amene sangachoke pakhomo kwa maola atatu amagula pa okala yapafupi: mafuta a m'kachubu, shuga wa m'kapepala, ufa wa wokumani, makala a m'jumbo. Zogula pang'onopang'ono chonchi zimadula kuposa kugula chachikulu, nthawi zina kutalitali. Onjezanipo sopo wochapira zofunda tsiku ndi tsiku, makala ophikira phala lapadera, chakudya chomwe mwana wakana n'kutayidwa, ndi thiransipoti ya kuchipatala.

Musanasinthe kalikonse, tengani kope mulembe kwa mwezi umodzi chilichonse chomwe chatuluka, ngakhale machesi. Mulembenso minibasi, kabaza ndi kangachepe komwe mwapatsa munthu wotsala ndi wodwala. Mwezi ukamatha, zinthu zitatu kapena zinayi zimaonekera zokha kuti ndizo zikudya ndalama, ndipo kawirikawiri ndiwo sizikhala pagulupo. Yambani ndi zimenezo. Kunenerera mulu wa tomato kulibe phindu pamene matewera mukugula limodzilimodzi.

Msika wotchipa mu Lilongwe muno ndi uti?

Pa mbatatesi, tomato, anyezi ndi kabichi, misika yomwe magalimoto amatsitsirako katundu monga Wakawaka ndi Lizulu ndiyo imakhala ndi mitengo yopikulitsa, makamaka m'mamawa, nthawi yomwe ogulitsa a m'makwalala amaoda. Usipa, nyemba ndi mpunga wa Kilombero kapena Faya mumapeza mitundu yambiri kumsika waukulu wa m'tauni. Shuga, mafuta, sopo ndi mchere zimatsikako mukagula belo kapena katoni m'masitolo opikulitsa monga Chipiku ndi Sana, kapena ena a cha ku Malangalanga.

Koma kwa inu nkhani yagona pa ulendowo. Minibasi kupita ndi kubwera, mnyamata wonyamula katundu, theka la tsiku, ndi wina wotsala ndi mwana. Kukwera basi kuchokera ku Area 25 kukagula tomato wa masiku atatu ku Lizulu n'kuluza, mulu wake ukhale waukulu bwanji. Tomato ali pa Nsungwi pomwepo. Zogula zigaweni patatu. Zouma zosungika, monga chimanga, nyemba, soya ndi mtedza, ndi za kamodzi kapena kawiri pachaka. Za m'sitolo ndi za kamodzi pamwezi, ulendo umodzi. Zamasamba ndi zipatso gulani pafupi, kwa mayi mmodzi yemweyo, mpaka akuzolowereni. Kasitomala wodziwika amalandira basela, amasungiridwa zabwino, ndipo sabata yomwe mwana wagonekedwa kuchipatala amatha kutenga pangongole.

Kugula chimanga cha miyezi yambiri n'kwanzeru, poti timakhala nyumba ya lendi?

Ngati pali chinthu chimodzi chokha chomwe mungasungire ndalama, chikhale chimenechi. Chimanga chimatsika anthu akamakolola, kuyambira Epulo mpaka cha mu Julayi, ndipo chimakwera kwambiri kuyambira Disembala mpaka Malichi. Miyezi yodulayo ndiyonso ya malungo ndi kutsegula m'mimba, pamene ndalama imafunika kuchipatala. Mtedza, soya ndi nyemba zimayenda momwemonso. Amene muli ndi achibale okhulupirika ku Mitundu, ku Nathenje, ku Nsundwe, ku Mchinji kapena ku Dowa, atumizireni ndalama nthawi yokolola akugulireni komweko.

Chimanga cha mu Epulo nthawi zambiri chimakhala chisanaumitsitse. Thirani mchere wouma pang'ono m'botolo lagalasi louma, ikanimo chimanga chodzaza dzanja, tsekani, gwedezani n'kulisiya kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chikadali ndi chinyezi, chiyanikeni kaye. Chosungidwa chonyowa chimachita chuku, ndipo poizoni wa chuku, aflatoxin, satha ndi kuphika. Amawononga chiwindi, ndipo mwana amene ali kale wochepa thupi sangapirire naye.

Posunga, matumba a PICS ndiwo amayenera makomo ngati anu. Amakhala ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi saka kunja, ndipo mukamanga bwino anankafumbwe amafa posowa mpweya, popanda kuthira mankhwala. Zimenezi n'zofunika m'nyumba ya zipinda ziwiri momwe thumba limagona chipinda chimodzi ndi mwana wokonda kuika zinthu m'kamwa. Likapanda kubooka limagwiranso ntchito chaka chamawa. Liikeni pa matabwa kapena pa njerwa, lisagunde khoma, ndipo tcherani makoswe. Musamalitsegule pafupipafupi, tulutsani cha masabata angapo nthawi imodzi, ulendo wa kuchigayo ukhale umodzi.

Kuchigayoko ganizirani za mgaiwa. Mukakonola mumalipira kawiri, gawo lina la thumba n'kutsala ngati madeya. Mgaiwa umakhutitsa, uli ndi zofunika m'thupi zambiri kuposa ufa woyera, ndipo umathandiza kudzimbidwa komwe kumavutitsa anthu osayenda. Kuipa kwake n'kwakuti suchedwa kusasa, ndiye musagayitse wa miyezi iwiri.

Ine ndimagulitsa mandasi, ndalama ndimapeza ya tsiku lomwelo. Zogula zambirizi ndiyamba bwanji?

Simungayambe zonse, ndipo malangizo ambiri amalembedwa ngati aliyense amalandira pakutha pa mwezi. Sankhani chinthu chimodzi, mwachitsanzo mafuta ophikira. Muziika padera kangachepe mpaka kakwane botolo la malita awiri. Masiku omwe mukugwiritsa ntchito botololo, ndalama ya kachubu ija isalowe kwina, ikhale ya paketi ya shuga. Kenako mtanda wa sopo. Zimatenga miyezi, koma chinthu chikachoka pa okala sichibwererakonso.

Njira yachangu ndi yogula pagulu. Makolo omwe amakumana ku fiziyo ku Kamuzu Central kapena kukiliniki ya khunyu ndi gulu kale, chimasowa ndi woyambitsa. Mabanja anayi atha kusonkherana belo la shuga, katoni ya sopo, ndowa ya usipa ndi chidebe cha mafuta cha malita 20, n'kumasinthana wokagula. Aliyense amapita m'tauni kamodzi pa miyezi inayi m'malo mwa mwezi uliwonse. Ena amachita chipereganyu cha katundu: wolandira mwezi umenewo amapatsidwa sopo, shuga ndi mafuta, chifukwa ndalama ikalowa m'nyumba imakumana ndi uthenga wa maliro. Gawanani pamaso pa onse, tsiku lomwelo, ndi muyezo umodzi. Magulu otere amatha chifukwa cha kapu imodzi ya shuga.

Ngongole ya kubanki mkhonde yogulira chimanga mu Meyi ili ndi nzeru ngati mukudziwa komwe mudzapeze yobweza. Yogulira ndiwo za sabata ino ilibe. Za katapila musayerekeze n'komwe.

Sindingamusiye yekha ngakhale ola limodzi. Ndingatume ndani osandidyera?

Pezani wakabaza mmodzi wa pasiteji yakwanu, amene mukudziwa komwe amagona. Mtengo mugwirizane nokha ndi wogulitsa pafoni, mumulipire pa Airtel Money kapena Mpamba, wakabazayo alandire ya ulendo yokha. Wogulitsa akakhala ndi WhatsApp akutumizireni chithunzi cha katunduyo asanamange. Ambiri amafuna muonjezere yotapira, ndiye muiwerengeretu. Yambani ndi zinthu zochepa, ndipo mndandanda ukhale womveka: dzina, kukula ndi kuchuluka. Mukangolemba kuti "sopo" musadabwe ndi chomwe chibwere.

Pali anthu awiri omwe sitingawasiye pankhaniyi. Woyamba ndi mtsikana wamkulu wa pakhomopo, amene amajombetsedwa kusukulu kuti akagule kapena atsale ndi mng'ono wake. Zimaoneka zaulere lero, koma mtengo wake adzalipira yekha. Wachiwiri ndi bambo a pakhomo. Ngati mumadutsa m'tauni tsiku lililonse pochokera ku Kanengo kapena ku City Centre, bambo, thiransipoti mwalipira kale. Katoni ya sopo siichotsa ulemu wa munthu.

Amayi a Mvano, a Dorika kapena a kumphakati akabwera kudzazonda amafunsa kuti tingathandize bwanji. Musayankhe kuti zikomo, tili bwino. Tchulani chinthu chenicheni: maola awiri Lachitatu loyamba la mwezi, wina akhale ndi mwana. Anthu ambiri amafuna kuthandiza, amangosowa pogwira.

Nanga ngati palibe kuchitira mwina, ndiyenera kupita naye?

Pewani Loweruka, masiku a malipiro, sabata yotsegulira sukulu ndi ya Khirisimasi. Lachiwiri kapena Lachitatu cha m'ma 9 koloko masitolo amakhala opepuka. Adye kaye musananyamuke, mutenge madzi, chosinthira ndi mankhwala ake, ndipo ulendowo ukhale wa malo amodzi. Kwa mwana wa autism, zimkuzamawu, oitanira minibasi ndi kukankhana kwa pamsika n'zowawa zenizeni. Muuzeni kukadali kunyumba komwe mukupita ndi zomwe mukagule, mumupatse ntchito yonyamula basiketi kapena kuloza zinthu, ndipo akayamba kutseka makutu tulukani, zotsalazo zidzagulidwa.

Njinga ya olumala imayenda bwino m'masitolo akuluakulu monga a ku Gateway Mall, komwe pansi m'posalala. M'misika tinjira n'topapatiza, pali ngalande, ndipo nthawi ya dzinja ndi matope okhaokha. Timilatho tamatabwa ta pakati pa misika ya Tsoka ndi Lizulu si ta munthu wobereka mwana wazaka khumi. Mzere ukatalika pemphani woyang'anira kuti mudutse. Ambiri sakana, ndipo lamulo la anthu aulumali la 2024 limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali.

Kalembera uja anapezanso anthu achialubino 134,636. Kwa iwo nthawi yabwino ya kumsika ndi isanakwane 10 koloko m'mawa kapena itadutsa 4 koloko madzulo, ndi chipewa chakhonde ndi malaya a manja aatali. Mafuta oteteza ku dzuwa amadula m'mafamase, choncho yambani mwafunsa kukiliniki ya khungu kuchipatala cha boma, komwe amaperekedwa ulere akakhalapo. Mafuta odzola wamba sateteza ku dzuwa.

Mwana wanga ali ndi cerebral palsy, amatsamwa ndipo amadya zofewa zokha. Phala la m'zitini likutimaliza. Titani?

Pa phala la m'chitini mumalipira chitinicho, dzina lake ndi ulendo wochokera kunja. Likuni Phala, amene dzina lake linachokera ku Likuni konkuno, ndi chimanga ndi soya. Wa m'sitolo amaonjezeramo mavitamini, ndipo ngakhale iyeyo ndi wotsikirapo kuposa wa m'zitini. Wapakhomo mumapanga chonchi: makapu anayi a chimanga pa kapu imodzi ya soya. Soyayo mumukazinge kaye mpaka fungo lauwisi lithe, chifukwa wosakazinga sagayika bwino m'mimba. Gayitsani pamodzi, kunyumba musefenso, ndipo akhale wa masabata awiri kapena atatu okha.

Ana ambiri otere amadya pang'ono, mochedwa, n'kutopa mbale isanathe. Ndiye supuni iliyonse ikhale yolemera. Phala lamadzimadzi limangodzaza mimba ndi madzi. Thiranimo supuni ya mafuta ophikira, nsinjiro, mkaka, kapena dzira lomenyera m'phala likadali pamoto. Peyala ndi nthochi yakupsa zimaphwanyika ndi foloko. Usipa kapena bonya mukakazinga pang'ono, kusinja ndi kusefa, mumapeza ufa womwe kasupuni kamodzi kamasintha phala lonse. Maungu ndi mbatata yofiira m'kati, monga Kaphulira, Kadyaubwerere kapena Zondeni, zili ndi vitamini A ndipo zimafewa bwino. Chipere cha nyemba zochotsa makoko ndi chakudya chomwe agogo athu ankachidziwa kale zitini zisanabwere. Nkhwani ndi bonongwe ziphikeni, zisinjeni, muzisefe.

Blenda ndi yabwino, koma kamtondo, sefa yachitsulo ndi foloko zimagwira ntchito ngakhale magetsi atazima. Ndipo poto akhale mmodzi: tapani gawo la mwana m'ndiwo za banja musanathire tsabola ndi mchere wambiri, n'kuliphwanya.

Phala likalimba kwambiri, ufa wa chimera, womwe timaphikira thobwa, umalisungunula popanda kuthira madzi. Thirani kasupuni mutaphula, takasani, dikirani pang'ono, bwezerani pamoto liwirenso. Koma apa chenjerani, chifukwa ana ena chimene chimawatsamwa ndi zamadzimadzizo. Kukhosomola pakudya, mawu omveka ngati pakhosi pali madzi, ndi chibayo chobwerezabwereza ndi zizindikiro zoti chakudya chikulowera kumapapo. Pemphani a fiziyo kapena anzawo oona za kadyedwe amuone akudya, akuuzeni kulimba koyenera iyeyo. Adye atakhala tsonga, mutu utaweramira kutsogolo pang'ono, osati chagada pamiyendo, ndipo akhalebe tsonga kwa theka la ola akamaliza. Mtedza wathunthu, mbuliwuli, usipa wosasinja ndi mpunga wosambira mu msuzi zisamuyandikire.

Kusikelo musasiye kupita ngakhale wakula. Akapezeka kuti wanyentchera, chiponde chimaperekedwa ulere kuchipatala. Ndi mankhwala a mwana ameneyo, si chogawana ndi abale ake, ndipo cha pamsika musagule.

Wanga wa autism amadya zinthu zitatu zokha. Ena akuti ndimuchotsere tirigu ndi mkaka. Ndimvere?

Kafukufuku sanapeze umboni wolimba woti kuchotsa gluten (puloteni ya mu tirigu) ndi mkaka kumachepetsa autism. Alipo ana omwe thupi lawo limadana ndi tirigu kapena mkaka, koma zimenezo aone ndi adokotala. Ngakhale zitakhala choncho, nsima, mpunga, chinangwa, mbatata, mapira ndi mawere zilibe gluten, ndiye ufa wodula wochokera ku South Africa ndi wa chiyani? Mwana wodya zinthu zitatu mukamuchotsera buledi, watsala ndi ziwiri.

Kukana chakudyaku si mwano. Kawirikawiri ndi fungo, mtundu, momwe chikumvekera m'kamwa, ngakhale paketi yake imene. Kumukhalitsa ndi njala kuti aphunzire kumangoonjezera nkhondo. Zomwe amadyazo gulani zambiri, ndipo imodzi izikhala yobisa, chifukwa taona zaka zapitazi kuti ngakhale shuga amatha kusowa m'mashelefu. Mukafika nazo kunyumba tsanulirani m'kontena yanu yomwe anaizolowera, kuti kampani ikasintha paketi iye asakane. Chakudya chatsopano musagule paketi yathunthu yoyesera. Tapani supuni imodzi m'poto wa banja, ikani pambali pa chomwe amakonda, osamukakamiza, tsiku ndi tsiku. Ena amayamba ndi kununkhiza, n'kudzalawa patapita masabata.

Pa WhatsApp akugulitsa mankhwala achilengedwe oti mwana amayamba kuyenda ndi kulankhula. Ndiyese?

Ayi. Palibe ufa, tiyi, madzi kapena kapisozi wochiza cerebral palsy, autism kapena Down syndrome. Ogulitsawo amadziwa kuti kholo lotopa silinenerera. Ndalama ya botolo limodzi ikhoza kugula mazira ndi mkaka n'kulipira thiransipoti ya ku fiziyo, zomwe zimathandizadi, ndipo zosakaniza zina zimasokoneza mankhwala a khunyu. Uzani wogulitsayo kuti mukufuna mukaonetse kaye botololo kwa adokotala a mwana, muone nkhope yake. Mankhwala ovomerezeka amalembetsedwa ku bungwe la boma loona za mankhwala la PMRA. Mukakhala ndi funso la zakudya kapena zaumoyo, Chipatala Cha Pa Foni chimayankha ulere.

Pakhomo pali wa khunyu, agogo ali ndi shuga ndi BP. Tiziphika mapoto angati?

Mmodzi. Wa khunyu amadya zomwe onse akudya. Makomo ena amamuletsa mazira, nkhumba kapena mlamba, n'kumuchotsera ndiwo zabwino popanda chifukwa. Chimene chimabweretsa kugwa ndi kudumphitsa mankhwala, kusagona mokwanira, mowa ndi kutentha thupi. Mankhwala monga phenobarbitone, carbamazepine ndi sodium valproate ndi aulere m'zipatala za boma, koma nthawi zina amatha. Choncho mwezi ukayamba, musanagule shuga, ikani padera ndalama ya thiransipoti ya kukiliniki ndi yogulira mankhwala a masabata awiri kufamase, ndipo mukatenge ena akale asanatheretu. Mbaula yamoto ndi madzi owira zikhale patali naye.

Wa shuga safunika mabisiketi ndi jamu wolembedwa kuti ndi wa odwala shuga. Nsima ya mgaiwa yocheperako, masamba ambiri, nyemba, nsomba, chipatso chathunthu m'malo mwa juwisi, ndi kudya pa nthawi yake. Zimenezi n'zabwino kwa banja lonse ndipo n'zotsika mtengo kuposa zomwe ambiri timadya. Amene amabaya insulini asasowe shuga pang'ono kapena siwiti m'thumba, ya pamene shuga watsika mwadzidzidzi.

Pa BP, bungwe la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi. Mchere wambiri umabisala m'timakyubu tokometsera ndiwo, m'kapaketi ka zokometsera ka m'masoya pisi, m'soseji ndi m'nsomba zamchere. Mukasiya zimenezi mwapulumutsanso ndalama.

Matewera akudya ndalama kuposa chakudya. Pali njira?

Kwa mwana wamkulu kapena agogo osadziletsa, iyi ndiyo imakhala nambala wani m'kope lija. Makomo ambiri amasakaniza: ansalu ndi makintoshi masana muli pakhomo, otaya usiku, paulendo wa kuchipatala ndi nthawi ya dzinja pamene zochapa siziuma. Thaulo lakale la pakaunjika lodula bwino limamwa madzi kuposa nsalu yatsopano. Otayawo gulani belo, koma yambani ndi paketi yaing'ono kuti muone saizi. Thewera lalikulu limadontha, laling'ono limasupula, ndipo otchipitsitsa ena mumasintha kawiri pomwe abwino mukanasintha kamodzi. Werengani mtengo wa thewera limodzi, musayang'ane wa paketi.

Kumukhazika pa poti kapena pa mpando wobooka nthawi zoikika, akangodzuka ndiponso akamaliza kudya, kumachepetsa matewera ngakhale kwa amene sangathe kunena. Koma musasunge thewera lonyowa pathupi kuti mupulumutse limodzi. Zilonda za pamatako kwa munthu wosayenda zimatenga miyezi kuti zipole. Sopo wamtanda mukamudula n'kumuumitsa masiku angapo sasungunuka msanga.

Makala akwera, magetsi amazima, filiji tilibe. Tingachepetse bwanji kuphika?

Nyemba zigone m'madzi usiku. M'mawa ziwiritseni mwamphamvu kwa mphindi 15 kapena 20, kenako ikani poto wovindikira m'dengu loyala mabulangete akale, mumufunditse bwinobwino. Pakapita maola atatu kapena anayi zapsa zokha, makala osawonjezera, inu muli ndi mwana. Mpunga ndi mbatata zimapsanso chimodzimodzi. Phala la m'mawa mukalithira m'fulasiki lili lowira limafika nthawi ya 10 koloko osakolezanso moto. Chakudya chotsala chitenthetsedwe mpaka chiwire musanapatse wodwala, ndipo chophwanyaphwanya chija chisagone.

Filiji yathu yakale ndi dzuwa. Nkhwani ndi khwanya zikachuluka mu Febuluwale ndi Malichi futsani mfutso wa chilimwe. Tomato akatsika mtengo chilimwecho, dulani muyanike wa dzinja. Usipa wouma, nsinjiro, masoya pisi ndi mazira zimakhala popanda filiji. Zipatso tsatirani nyengo: mango ndi masuku kumapeto kwa chaka, manachesi m'miyezi yozizira, malambe m'chilimwe. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya omwe amaphunzitsa kusikelo amakwana popanda apozi wochokera kunja.

Ndi zotchipa ziti zomwe tiyenera kuzipewa?

Mtedza wosweka, wofota kapena wosintha mtundu, ndi nsinjiro zogayagaya zomwe simunaone mtedza wake. Chuku chimabisala mmenemo. Gulani wathunthu, musankhe nokha. Mafuta oyezera m'mabotolo opanda dzina simudziwa kuti akazingira kale chiyani. Mafuta, shuga ndi mchere za m'paketi yokhala ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards zimakhala zoonjezeredwa vitamini A kapena ayodini, zomwe mwana wodya pang'ono amazifuna kwambiri. Zotsitsidwa mtengo m'sitolo onani deti: sopo alibe vuto, koma mkaka, yogati ndi soseji zotsala tsiku limodzi si za munthu wofooka. Chitini chofufuma chisiyeni. Kumsika yang'anani pansi pa ndowa ndi pa chigoba choyezera, ena amazibenthula kuti zilowe zochepa. Kunyamula muyezo wanu sikulakwa. Sitolo ikakugulitsani katundu wotha ntchito kapena mtengo wa pa tilu ukasiyana ndi wa pashelefu, sungani lisiti. Madandaulo otere amapita ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loteteza ogula.

Boma kapena mabungwe amathandizapo pa chakudya?

Mtukula Pakhomo, yemwe anayambira ku Mchinji mu 2006, amapereka ndalama kwa mabanja ovutikitsitsa omwe alibe munthu wotha kugwira ntchito. Kukhala ndi waulumali pakhomo kumawerengedwa, koma pakokha sikukulowetsani. Amasankha kudzera m'kalembera wa mabanja ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kukhonsolo. M'mizinda thandizo la ndalama lakhala likubwera mwa apo ndi apo, monga la nthawi ya COVID-19 mu 2021. Kalembera akamachitika onetsetsani kuti khomo lanu lalembedwa ndipo ulumaliwo watchulidwa. Makomo ena amabisa mwana m'chipinda alembi akabwera, n'kudzimana okha. Kulembetsa n'kwaulere, wopempha ndalama kuti akulowetseni ndi wakuba.

Bungwe la boma loona za anthu aulumali lomwe tinkalidziwa kuti MACOHA tsopano ndi MACODA, kutsatira lamulo la 2024. Palinso FEDOMA, yomwe imasonkhanitsa mabungwe a anthu aulumali, PODCAM ya makolo a ana aulumali ndi APAM ya anthu achialubino. Musapiteko poyembekezera thumba la ufa, chifukwa ntchito yawo yaikulu si imeneyo. Chomwe mumapezako ndi uthenga wa komwe kukuperekedwa njinga, mipando yapadera kapena mafuta a khungu, komanso makolo ena a dera lanu oti mugawane nawo belo la matewera. Popita tengani chiphaso chaunzika, buku la kuchipatala la wodwalayo ndi kalata ya amfumu kapena a bulokolida.